Milongoti ya ku Dedza inkaloza ku Chipata

Pa 1 Epulo 1999 wailesi yakanema ya Television Malawi idayamba kuulutsa kuchokera ku Kwacha mumzinda wa Blantyre, ndipo tsikuli ndi lomwe ana asukulu amaloweza kuti kanema adafika m'dziko muno. Ine ndimakana. Lomwe lidachedwa ndi boma. Kanema adali atalowa kale, wopanda chiphaso, kudutsa pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Aliyense wofuna kulemba mbiri yake moona asayambire ku Blantyre ayi. Ayambire m'malire ndi m'malo okwera, ku Mchinji, m'madera ena a Lilongwe, komanso kwathu ku Dedza.

Tikumbutsane kaye m'mene tidatsalira. Ku Salisbury kanema adayamba mu 1960, ku Kitwe mu 1961, ku Zanzibar mu 1974. Ngakhale Mabunu a ku South Africa, omwe adamukana kwa zaka zambiri poopa kuti awononga ana awo, adagonja mu 1976. Ku Maputo adayamba moyeserera mu 1981, nkhondo ili mkati. Ife tidali chete. Ena amati ndalama padalibe, koma zimenezo sizindilowa m'mutu. Dziko lomwe lidamanga Sanjika, Kamuzu Academy mu 1981, ndi chinyumba cha boma cha ku Lilongwe chija cha zipinda mazanamazana, silikadalephera kugula makamera atatu ndi makina oulutsira. Nkhani idali ina. Wailesi idali imodzi, MBC. Nyuzipepala zikuluzikulu, Daily Times ndi Malawi News, zidali m'manja mwa a Ngwazi omwewo. Lamulo la 1968 lidapatsa bungwe la Censorship Board mphamvu yoona buku lililonse, filimu iliyonse, ndipo mavidiyo atabwera m'zaka za m'ma 1980 nawonso ankayenera kudzera konko. Mawu n'ngosavuta kuwasefa. Chithunzi n'chamwano, chimaonetsa ndi zomwe sunafune.

Koma mafunde a wailesi sadziwa chipata cha Mwami. Ku Chipata, a Zambia adali ndi makina awo oulutsira kanema pa phiri, otumikira chigawo chawo chakum'mawa, ndipo zotsalira zake zinkasefukira kuno. Kwa anthu a ku Mchinji, omwe atalikirana ndi Chipata makilomita pafupifupi 30 okha, kudali kungoimika kawaya pa denga basi. Ku Lilongwe kunkafunika khama. Ku Dedza kunkafunika misala pang'ono, chifukwa kuchoka pa boma kukafika ku Chipata, molunjika ngati khwangwala, ndi makilomita pafupifupi 200.

Nanga zinkatheka bwanji? Apa mundilole ndichite za uphunzitsi, poti ndiyo idali ntchito yanga masiku amenewo. Mafunde a kanema sayenda ngati a shotiwevu, aja tinkamvera BBC kapena Radio RSA usiku, omwe amagunda kumwamba n'kubwerera pansi kutali zedi. A kanema amayenda pafupifupi ngati kuwala. Dziko likapindika, iwo amapitirira, n'kukusiya iwe kunsi. Akatswiri ali ndi kasamu kake kosavuta: tenga kutalika kwa pomwe waima m'mamita, peza nambala yomwe ukaichulukitsa ndi iyo yomwe ikupatse kutalikako, kenaka uchulukitse ndi 4. Yankho lake ndi makilomita omwe eriyo yako ikuona. Mlongoti wa mamita 9 pachigwa umaona makilomita 12. Ukavutika kulumikiza mitengo iwiri mpaka mamita 16, wangoonjezera makilomita anayi okha. Tsono tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe chigwa cha Lilongwe chili cha m'ma 1,050 mpaka 1,100. Ndiye kuti munthu wa ku Dedza, asanadule ndi mtengo womwe, waima kale pa mlongoti wa mamita 500, woona makilomita 90. Phiri la Dedza lenilenilo, la mamita 2,198, limaona kupitirira 130. Ukaphatikiza ndi kukwera kwa makina a ku Chipata, mpata wotsala umachepa mokwanira kuti kanthu kena kake kofooka kafike. Kuzizira komwe anzathu a ku Salima ankatiseka nako kudali ndi malipiro ake.

Si Dedza yense adali ndi mwayiwu. Nyumba yoyang'ana kumpoto chakumadzulo, popanda phiri patsogolo, ndiyo inkakola. Wa kuseri kwa Chongoni kapena kunsi kwa Golomoti ndi Mtakataka, iwalani. Pa boma pomwepo, nyumba ziwiri zotalikirana mayadi 200, ina inkaona nkhope ya woulutsa nkhani, ina inkangoona timadontho tothamangathamanga tija tinkati mpunga.

Funso lomwe achinyamata amandifunsa ndi loti, bwanji osaloza ku Mozambique, poti ili tsidya la msewu? Zoonadi, kuchoka ku Dedza kulowera ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire, ndipo Ulongwe ali pafupi kuposa Lilongwe. Koma kanema wa kumeneko kwa zaka zambiri adali wa mzinda wa Maputo wokha, makilomita oposa chikwi kum'mwera. Ku Angónia kunkachokera anthu, osati zithunzi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 othawa nkhondo m'dziko muno adakwana miliyoni, ndipo Dedza ndi Ntcheu adalandira miyandamiyanda, mpaka mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Choseketsa n'choti wailesi yawo yakanema nayonso ndi TVM, ndiye kuti dzinalo adatitsogolera nalo.

Tsono eriyo yake yotani? Timaeriyo ta m'nyumba ta nyanga ziwiri tidali topanda ntchito. Yofunika idali ija yooneka ngati minga ya nsomba, ndodo imodzi yaitali yokhala ndi timapaipi topingasa. Ambiri amene adaikwezapo sadziwa kuti idachokera ku Japan. Adaipanga mu 1926 ndi Shintaro Uda ndi mphunzitsi wake Hidetsugu Yagi pa yunivesite ya Tohoku ku Sendai, koma monga zimakhalira, dzina lomwe lidatchuka ndi la bwana, Yagi. Kapangidwe kake nkosavuta kukamvetsa. Kapaipi kamodzi kokha ndi komwe kamalumikizidwa ku waya. Kumbuyo kwake kuli kena kotalikirapo pang'ono, kobweza mafunde. Kutsogolo kuli tina tofupikirapo, tokoka mafundewo kuchokera mbali imodzi. Tikachuluka takutsogoloto, eriyo imamva patali koma imapenya mopapatiza, ngati munthu wosuzumira m'bango. Ukaiphonyetsa pang'ono, Chipata wathawa.

Utali wa timapaipito si wongoganizira. Zambia inkaulutsa pa VHF, cha m'ma megahertz 200, pomwe funde limodzi ndi lotalika mita imodzi ndi theka. Kapaipi kolandira kamayenera kukhala kotsala pang'ono theka la pamenepo, masentimita 70 ndi kanthu. Ndiye chifukwa chake maeriyo a nthawi imeneyo adali zimphona, ndipo mwera wa mu Julayi unkawagwetsa ngati mapesi. Munthu wina wa ndalama zake adaitanitsa eriyo yokongola kuchokera ku Ulaya, timapaipi take tatifupi ngati zala, ya UHF. Idakhala pa denga chaka chathunthu ikungokometsa nyumba.

Amene adatiphunzitsa zonsezi sadali injiniya wa ku Polytechnic. Adali bambo wina wokonza mawailesi kuseri kwa msika, yemwe sukulu adalekezera Sitandade 8 koma adagwirapo ntchito ku Copperbelt. Iyeyu adali ndi eriyo imodzi ya ku fakitale yomwe sankagulitsa. Adaiyeza ndi tepi, n'kulemba miyezo yonse pa khoma la shopu ndi khala, ndipo kuchokera pamenepo ankasula zina ndi timapaipi ta aluminiyamu ta makatani, ta mipando yothyoka, nthawi zina waya wokhuthala wa kopa womangirira pa thabwa la paini. Ndimakumbukira tsiku lomwe ndidamufunsa ngati sizingatheke kungoonjezera timapaipi makumi awiri kuti tithane nazo. Adandiyang'ana, n'kuti, "Aphunzitsi, khasu likatalika mpini sindiye kuti mulima munda waukulu. Mungothyoka msana." Adali kunena zoona. Kuti eriyo yamtunduwu ionjezere mphamvu kawiri, ndodo yake iyenera kutalika kawiri kapena kuposa, ndipo pamapeto pake palibe mlongoti womwe ungainyamule.

Njira yomwe iye ankakonda idali yosanja maeriyo awiri, ina pamwamba pa inzake. Pamenepa ndi pomwe padali luso lenileni, ndiponso pomwe anthu ambiri ankataya ndalama. Awiriwo ayenera kukhala mapasa enieni, oloza kumodzi, otalikirana mita ndi kanthu. Mawaya ochokera ku iliyonse kukafika pa kabokosi kophatikizira ayenera kufanana utali ndendende. Wina ukatalika ndi theka la mita chabe, mafunde a eriyo yapamwamba amafika akukwera pomwe a yapansi akutsika, n'kufafanizana, moti maeriyo awiri amapereka zochepa kuposa imodzi. Chimodzimodzi ukatembenuza malumikizidwe pa imodzi, wa kumanja kupita kumanzere. Ndipo zonse zikayenda bwino, phindu lake silipyola kuwirikiza mphamvu kawiri, chomwe akatswiri amati ma decibel atatu. Pa sikirini kumeneko si kusintha kodabwitsa ayi. Koma kwa ife kudali kusiyana kwa kuona anthu 22 akuthamanga ndi kuona mpira womwe akuthamangira.

Kenaka kudabwera busita. Kachipangizo kameneka kadanamiziridwa zambiri. Anthu ankaganiza kuti kamaitana mafunde, chonsecho iko kamangokulitsa chomwe eriyo yakola kale. Ikakola mpunga, busita ikupatsa mpunga wonenepa. Ntchito yake yeniyeni ndi kulipira zomwe waya amadya panjira, pakuti mamita 30 a waya wamba wa kanema amameza theka la mphamvu kapena kuposa. Ndiye malo ake ndi pamwamba pa mlongoti, pafupi ndi eriyo, magetsi ake n'kumakwera kudzera mu waya yemweyo. Koma ambiri ankaiika kuseri kwa TV, pomwe mbala ndi mvula sizifika, n'kumadabwa kuti bwanji sikusintha kanthu. Ena ankasanja mabusita awiri motsatizana, zotsatira zake mizeremizere yokhayokha. Padalinso kanthu kena kakang'ono kotchipa, kogwirizanitsa eriyo ya ma ohm 300 ndi waya wozungulira wa ma ohm 75. Kakalowa madzi m'dzinja, chithunzi chinkazilala pang'onopang'ono, mwini nyumba n'kumaloza chala a neba kuti amulodzera TV.

Mavuto ena adali a bokosi lenilenilo. Ma TV ambiri adabwera ndi anthu ochokera ku Joni, ena ndi ophunzira obwera ku Mangalande. A ku Mangalande ambiri adalibe VHF n'komwe. A ku Joni ankaonetsa chithunzi cha Zambia bwinobwino koma mawu ayi, kungoti fooo. Chifukwa chake n'choti ku South Africa mawu amakhala motalikirana ndi chithunzi megahertz 6, pomwe ku Zambia adali 5.5. Bambo wa kumsika uja ankasintha kachitsulo kena kakang'ono ngati njere ya nyemba, TV n'kuyamba kulankhula. Asanatulukire zimenezi, kudali mabanja omwe ankaonera mpira pa TV uku ndemanga akumvera pa wailesi. Kumidzi ndi m'malokeshoni opanda magetsi, mfumu idali ka TV kakuda ndi koyera koyendera batire la galimoto, ndipo chithunzi chikayamba kufota m'mbali, aliyense ankadziwa kuti mawa wina anyamula batire pa njinga kukatchajitsa.

Ndiye padali nyengo. Masana a mu Okutobala, dzuwa lili phwee, kunkakhala kopanda chiyembekezo. Koma usiku wa mu Juni kapena Julayi, kopanda mphepo, mpweya wozizira ukakhazikika pa chigwa ndi wofundirapo pamwamba pake, mafunde ankapindika kutsata dziko, ndipo Chipata ankabwera ngati ali pa Linthipe pomwepa. Usiku woterewu ana ankatumidwa kukaitana a neba. M'dzinja mlongoti unkasanduka mdani, chifukwa mphezi za ku Dedza sizisewera. Ochenjera ankatsitsa waya wokhuthala kuchokera pa mlongoti kukafika pa chitsulo chokhomera pansi, komanso kuzula waya wa eriyo kukangoyamba kugunda. Osachenjera ankagula TV ina.

Mwina wina afunsa, mavuto onsewa chifukwa cha chiyani? Poyamba chidali mpira ndi nyimbo basi. Makutu athu adali atazolowera kale Zambia. Makolo athu ankamvera nthano za Julius Chongo pa pologalamu ya Poceza m'Madzulo ya Radio Zambia, m'Chinyanja chomwe n'chathu chomwe. Mu 1988 Kalusha Bwalya ndi anzake atakwapula Italy 4-0 pa masewero a Olympic a ku Seoul, dzina lake lidafika mpaka m'mabwalo a mpira wachikulunga, ndipo aliyense ankafuna kumuona ndi maso. Koma pakati pa mpira ndi nyimbo pankabwera nkhani za madzulo, ndipo kumeneko n'komwe kudali poizoni. Tidaona Kenneth Kaunda akupukuta misozi ndi kampango kake koyera. Ife mtsogoleri tinkamudziwa wa chipewa, magalasi akuda ndi litchowa, woonedwa patali pa msonkhano, amayi atamuzinga. Kuti pulezidenti ndi munthu woti angalire, angakalambe, angafunsidwe funso, chidali chinthu chachilendo.

Kenaka zidafika zaka zija. Mu Juni 1990 ku Lusaka kudabuka zipolowe za kukwera mtengo kwa ufa. Pakutha pa chaka chomwecho Kaunda adavomera zipani zambiri. Tidaona anthu a MMD akukweza zala ziwiri pa misonkhano, osamangidwa. Pa 31 Okutobala 1991 kudali chisankho, Frederick Chiluba adapambana, ndipo Kaunda, atalamula zaka 27, adavomera kugonja n'kutuluka m'nyumba ya boma ndi miyendo yake. M'chipinda chomwe ndinkaonera ine mudali anthu oposa khumi ndipo palibe adayankhula. Mkulu wina adangodzuka, n'kukasuzumira panja, n'kubwera kudzatsitsa mawu a TV.

Kusuzumira kumeneko kudali ndi chifukwa. Wailesi ya shotiwevu umaibisa pansi pa bulangete, koma mlongoti wa mamita 12 subisika, ndipo aliyense wodutsa ankaona komwe waloza. Kuno kudali kwawo kwa a John Tembo, ndipo makutu a chipani adali ponseponse. Sindidamve kuti wina adamangidwa chifukwa cha eriyo yokha, koma mafunso ankabwera. Kwa ine adabwera wapampando wina wa m'dera lathu, mwaulemu wake, chipewa m'manja. "Aphunzitsi, chitsulo chanuchi chikuyang'ana kunja bwanji?" Ndidati n'cha mpira, bambo. Adagwedeza mutu, n'kufunsa kuti Zambia isewera liti. Loweruka lotsatira adabwera ndi kampando kake, ndipo nkhani zikayamba ankatuluka kukasuta fodya, koma chitseko osatseka.

Patangopita miyezi inayi chigonjereni Kaunda, pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi a Katolika, ku Bembeke ndi kwina konse. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana, pochokera ku msonkhano wa ku Lusaka komweko, adamangidwa pa bwalo la ndege la Kamuzu. Tsono pano ndisanamize anthu kuti maeriyo ndiwo adagwetsa chipani chimodzi. Adali ochepa kwambiri, a aphunzitsi, makalaliki, eni magolosale ndi azamishoni. Ntchito yaikulu idagwiridwa ndi shotiwevu, mafakisi ndi makina a fotokope. Ndipo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pomwe dziko lonse anthu pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse adasankha nyali, ambiri ku Dedza adavotera tambala wakuda. Zofanana ndi anzathu a ku Chipata omwe ankatitumizira zithunziwo: mu 1991 UNIP idatsala ndi mipando 25 mwa 150, ndipo yambiri idali ya chigawo chakum'mawa. Chomwe eriyo idachita n'chaching'ono koma chenicheni. Pomwe ena ankalalikira kuti matipate ndi nkhondo, n'kumaloza othawa kwawo omwe adadzaza m'midzi yathu, padali anthu angapo pa boma lililonse la m'malire omwe akadatha kunena chapansipansi kuti ayi, ife taona ndi maso, kwa a neba zatheka popanda mfuti.

Chaka chomwecho cha riferendamu tidaoneranso maliro. Pa 27 Epulo 1993 ndege yonyamula timu ya Zambia idagwera m'nyanja pafupi ndi Libreville ku Gabon, anthu onse 30 n'kutha, 18 mwa iwo osewera. Mabokosi atandandalikidwa pa Independence Stadium ku Lusaka, m'nyumba muja amayi adalira ngati maliro ndi a pamudzi pomwepo. Chaka chotsatira timu yatsopano idafika mu fainolo ya Africa ku Tunis n'kugonja 2-1 kwa Nigeria, ndipo tsiku limenelo mnyamata wina adakhala mphindi 90 atagwira mlongoti panja pozizira, akumvera malamulo a pa windo: "Pang'ono kumanja! Bwererani! Basi, pomwepo, musapume!"

Zitatha izi zinthu zidathamanga. DStv idayamba mu 1995, ndipo a ndalama adatsitsa minga ya nsomba n'kukweza mbale. TVM itabwera mu 1999, kutatsala miyezi iwiri ndi theka kuti kukhale chisankho cha pa 15 Juni, ambiri adatembenuza milongoti, ndipo sipadatenge nthawi kuti aone kuti kanema wa boma, kaya ndi wa chipani chimodzi kaya zambiri, amakonda nkhope imodzi. Ena adafuna zonse ziwiri, Zambia ndi Malawi, n'kulumikiza maeriyo oloza kosiyana pa waya mmodzi ndi kogawira wamba. Zimenezo zimadula mphamvu ya iliyonse ndi theka n'kubweretsa zithunzi za mapasa, munthu ndi mthunzi wake. Kabokosi kophatikiza VHF ndi UHF kokha ndiko kamagwira bwino, poti kamapatsa aliyense njira yake. Kupanda apo, nzeru idali kukhala ndi mawaya awiri n'kumasinthanitsa pamanja. M'zaka za Bingu wa Mutharika TVM idamezedwa ndi MBC, dzina lija n'kutsalira a ku Maputo.

Mayiko adagwirizana kuti pofika pa 17 Juni 2015 kanema wakale aleke, kulowe wa dijito, ndipo kuno tidalandira madikoda a Kiliye Kiliye. Awa amayendera UHF, pomwe funde ndi la theka la mita ndipo timapaipi take ndi ta masentimita 25. Maeriyo akuluakulu aja sangathandizenso. Malamulo a bambo wa kumsika ndiwo sadasinthe: wa ku Mayani kapena ku Lobi yemwe phiri lamutchinga ayenerabe kukweza mlongoti, kufupikitsa waya, kuika busita pamwamba, ndipo akasanja maeriyo awiri ayeze mawaya ake mosamala kuposa kale, chifukwa pa UHF kusiyana kwa chikhatho chimodzi n'kokwanira kufafaniza zonse. Chomwe chidapita ndi mpunga. Dijito ilibe za theka. Mphamvu ikakwana chithunzi chimabwera choyera ngati cha mu situdiyo, ikaperewera pang'ono chimaduka timabokosi, kuuma, kenaka sikirini yakuda ndi mawu a Chingerezi oti palibe chomwe chikufika.